Madzi Saiwala Khwawa: Za Kuboola ndi Kutseka Thanki ku Tamanda

Munthu woyenda kuchoka ku Chipata kulowera kumpoto, napatuka kulunjika ku Tamanda kufupi ndi malire a dziko la Malawi, akakweza maso m'mwezi wa Okutobala, pamene udzu wapsa ndipo zitsime za m'madambo zayamba kuphwa, adzaona chinthu chimene agogo athu sanachione: mathanki apulasitiki, ena obiriwira ena akuda, atakhazikidwa pa nsanja zachitsulo pasukulu, pachipatala, patchalitchi, ndi pakhomo pa mlimi amene fodya kapena soya zinamukomera. Koma akatsitsa masowo nayang'ana pansi pa nsanja, kawirikawiri adzapeza kamalo konyowa, komera ndere, pamene njuchi zimamwa ndi nkhuku zimapalasa, chinkana mvula inakata kale mu Epulo. Mukalitsata dontho limenelo kukwera nalo, silidzakufikitsani pa mng'alu wa m'nthiti mwa thanki ayi, koma pamalo amodzi omwewo nthawi zonse, ndipo malowo ndi pamene paipi imatulukira.

Ambiri amalipeputsa dontholi, nati madzi ake ndi angati. Tiyeni tiwerenge. Dontho limodzi pa sekondi iliyonse limataya malita osachepera 4 usana ndi usiku, ndipo pakutha pa mwezi lataya ndowa zosachepera 6 za malita 20, ndowa zimene mayi akanazisenza pamutu kuchoka kudambo. Nalonso dontho silikhala dontho mpaka kalekale, pakuti limadyetsa nsanja dzimbiri, limafewetsa nthaka pansi pa miyendo yake, ndipo tsiku lina limasanduka mkokomo. Tsono ine ndikuona kuti pa ntchito yonse ya madzi, kuyambira pokumba chitsime ndi makina, kugula pampu ndi masola, kufikira pokweza thanki pamwamba, palibe malo amene talipira ndalama zochepa ndi kuwaganizira pang'ono koposa bowo limenelo, pamene chuma chonsecho chimadalira ilo.

Makolo athu sanadziwe vuto lotere, chifukwa mtsuko ndi mbiya zili ndi khomo limodzi, ndipo madzi amatulukira pamene analowera. Bowo la pansi linabwera ndi alendo. Amishoni a Dutch Reformed atamanga Magwero mu 1899, ndi Madzimoyo mu 1903, nalandira Tamanda kwa anzawo a Livingstonia m'zaka za m'ma 1920, nyumba za malata zinayamba kuoneka m'dziko lino, ndipo pangodya pa nyumba zotere, za mishoni ndi za boma ku Fort Jameson (Chipata ya lero) komwe, pankaima thanki yamalata yolandira madzi a padenga. Thanki imeneyo ikadontha, mmisili ankatenthetsa chitsulo pamakala nawotcherera ndi mtovu. Pambuyo pake kunadza mathanki a njerwa ndi simenti, amene paipi yake ankaikwirira m'khoma simenti isanaume. Nzeru yonseyi inali ya mtundu umodzi, nzeru ya kumata, yomweyo imene Nowa anatetezera nayo chingalawa chake ndi phula, yomweyonso imene asodzi amatsekera nayo ming'alu ya bwato. Ndipo nzeru imeneyi inatithandiza zaka zambiri kotero kuti inalowa m'manja mwathu, mwakuti munthu wa kwathu akaona podontha, dzanja limayamba lokha kufunafuna chomatira.

Koma thanki ya masiku ano inakana kumatidwa. Pulasitiki yake ndi ya mtundu wotchedwa polyethylene, imene khungu lake ndi loterera ndipo silimva guluu. Guluu wa mapaipi a PVC amagwira chifukwa amasungunula pang'ono khungu la paipi ndi la soketi kuti ziwirizo zisanduke chimodzi. Pa thanki sasungunula kanthu, amangouma pamwamba nafunduka. Silikoni nayenso amakhalapo masabata angapo akunyenga mwini wake, kufikira dzuwa la masana ndi chisanu cha m'mamawa zitafutukula ndi kufinya thankiyo kokwanira, iye n'kulekana nayo. N'chifukwa chake mudzaona m'midzi makosi a mathanki atakulungidwa malegeni, atapakidwa sopo, phula la pamsewu ndi simenti, chimodzi pamwamba pa chinzake monga mwa zaka za mavuto ake, ndi madzi akuchuchabe pansi pa zonsezo.

Chimene chimatseka bowo la thanki yotere ndi kachipangizo kamene m'masitolo a zitsulo a ku Down Shops ndi kwa ogulitsa a pa msika wa Kapata mudzakapeza mukafunsa konekita ya thanki. Kali ndi ziwalo zitatu. Choyamba ndi thunthu, kapaipi kafupi ka mazinga kunja kwake, kokhala ndi mutu wophwatalala wonga chipewa mbali imodzi. Chachiwiri ndi washa ya mphira. Chachitatu ndi nati. Thunthu limapyola pabowo, chipewa chimatsala mbali imodzi ya khoma, nati imamanga mbali inayo, ndipo ziwirizo zimapanikiza khoma pakati pawo. Palibe guluu, palibe moto. Ntchito yonse yotsekereza madzi ili pa kamphira kamene kafinyika pakati pa chipewa ndi khoma, kakudzaza timakwinya tonse timene diso silingaone. Nati siitseka madzi konse, udindo wake ndi kukoka basi.

Pamenepa ndi pamene amisili ambiri, ngakhale odziwa ntchito zina bwino lomwe, amapunthwa. Washa iyenera kukhala kumbali ya chipewa, kaya chipewacho chili mkati mwa thanki kaya kunja, ndipo isakhale pansi pa nati. Chifukwa chake n'chapafupi munthu akachilingalira: chipewa ndi thunthu ndi thupi limodzi lopanda msoko, kotero kuti madzi akatsekedwa pansi pa chipewa alibenso njira, koma pakati pa nati ndi thunthu pali mazinga, ndipo mazinga ndi kamseu kozungulira kamene madzi amakatsata mosalakwitsa kufikira atatulukira kuseri kwa nati, ngakhale mphira wa pansi pa natiyo utafinyidwa chotani. Madzi saiwala khwawa, anatero akale, ndipo mazinga ndi khwawa lokumbidwa kale. Kuwonjezera apo nati imazungulira pomanga, ndipo ikazungulira pamwamba pa mphira imaupotokola ndi kuutulutsira pambali. Makonekita ena amabwera ndi mawasha awiri, ina yofewa ina yapulasitiki yolimba. Yofewayo ndi ya kuchipewa, yolimbayo ndi ya kunati, kuti nati iterereke bwino. Mwachizolowezi chipewa ndi washa yake zimakhala mkati, kumene kuli madzi.

Kuboola nako kuli ndi mwambo wake. Bowo silipimidwa ndi kukula kwa paipi koma ndi kukula kwa thunthu, pakuti konekita ya paipi ya inchi imodzi imafuna bowo lalikulu koposa inchi, ndipo makampani sapanga mofanana. Wanzeru amayamba wagula konekita, naipima, nafuna msumeno wozungulira wolingana nayo. Amene aboola ndi mpeni wotenthetsa pamoto amasiya bowo la mlomo wotupa ndi wokhota, pamene washa singagone. Malo ake akhale osalala, osati pa nthiti kapena pamene khoma lapindika kulowa pansi. Mathanki ambiri ali ndi kabwalo kophwatalala kamene anakasiyira ntchito yomweyi. Bowo likwere pang'ono kuchoka pansi, choyamba kuti chipewa ndi nati zipeze malo ozungulira, chachiwiri kuti matope okhazikika pansi asalowe m'paipi. Zinyenyeswa za m'mphepete zichotsedwe, khoma lipukutidwe mbali zonse, popeza kamchenga kamodzi pansi pa mphira n'kokwanira kutsegulira madzi khomo.

Ndinaimapo tsiku lina kuonerera mmisili wachikulire ndi mwana wa mlongo wake akuika konekita pa thanki yaikulu, imene dzanja la munthu silikanafika pansi pake. Ena pantchito yotere amalowetsa mnyamata mkati kudzera pachivundikiro, chinthu choopsa pa thanki yokhala padzuwa, mmene mpweya ndi wochepa ndi kutentha n'kwa ng'anjo. Mkuluyu sanatero. Anatenga waya wautali, naulowetsa pabowo la pansi, naukankha kufikira mnyamata ali pamakwerero anaugwira pachivundikiro. Mnyamata anaveka thunthu pa wayawo, washa ili kale pachipewa, mazinga ataloza pansi, nalileka litsetsereke. Linagunda khoma mkati, mkuluyo nalikola ndi chala pabowo, nalikokera kunja pang'onopang'ono, naveka nati. Anamanga ndi dzanja kufikira nati inakana, natenga sipanala, napotoza gawo limodzi la magawo anayi a mzungulire umodzi, naima. Mnyamata, poona kuti mphamvu zake zonse za m'mamawa sizinagwire ntchito, anati, "Amalume, kodi ndisawonjezeko pang'ono? Ikuoneka ngati ingamasuke." Ndipo mkuluyo, akupukuta manja, anati, "Usakhudze, mphwanga. Tidzaze madzi, iwo ndiwo atiuze."

Mphamvu ndiyo imapha makonekita ambiri koposa ukalamba. Nati yapulasitiki ikapitirira muyezo imang'aluka, nthawi zina osati tsiku lomwelo koma patapita masabata, usiku, anthu ali m'tulo. Mphira ukafinyidwa kopambana umatumphukira kunja kwa chipewa nuleka malo ake opanda mlonda. Kumanga kwake kukhale monga mayi amangira mwana kumbuyo, kolimba kuti asagwe koma kosamutsamwitsa. Pa chifukwa chomwecho silikoni asapakidwe pa washa: akadali wamuwisi amatereretsa mphira kuti uthawe pomanga, ndipo akauma amalepheretsa munthu kumasula bwino tsiku lokonza. Awonenso womanga kuti makonekita ena nati yake imamangira kumanzere, anaipanga dala chotero kuti pomanga paipi kutsogolo natiyo isamasuke. Amene sadziwa amalimbana nayo naitukwana kuti ndi yowonongeka. Safunsa anadya phula.

Thiredi tepi, kansalu koyera kopyapyala kaja, kali ndi malo ake, koma si pa mazinga a nati. Malo ake ndi pamene paipi kapena vavu ilowa m'kamwa mwa konekita. Ikulungidwe kutsata kumene mazinga amangira, maulendo ochepa. Pakuti mazinga a mapaipi ambiri amanka nakula, ndipo tepi yochuluka imasandutsa paipi chida chong'amba soketi.

Tinene tsopano za kulemera, kumene maso amatinyenga nako. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, kotero thanki ya malita 5,000 ikadzala yasenza matani 5, matumba 100 a chimanga a makilogalamu 50. Koma mphamvu imene madzi amakankha nayo pa konekita siichokera ku kuchuluka kwake, ichokera ku kuya kwake, monga Simon Stevin wa ku Bruges anaonetsera mu 1586: mgolo wowonda ndi thanki yotakata, madzi akalingana msinkhu, zimakankha pa bowo mofanana. Madzi akuya mamita 2 amakankha ndi mphamvu ya magalamu 200 pa kabwalo ka sentimita imodzi mbali zonse, mphamvu imene kamphira kokhala bwino kamaipirira mosavutika. Mdani weniweni ali kunja. Paipi yachitsulo yolendewera pa konekita popanda chochirikiza, vavu yolemera imene ana asukulu amaipotoza ndi manja awiri tsiku ndi tsiku, ng'ombe yodzikanda pa paipi yotsika, zonsezi zimapendeketsa chipewa ndi kutsegula mphira mbali imodzi. Nayonso thanki imafufuma ikadzala ndi kubwerera ikatha madzi. Paipi yoimangirira nganganga ku khoma la simenti siilola kuyenda kumeneku, ndipo chimene chimalipira ndi khosi la thanki. Kachidutswa ka paipi yofewa pakati, ndi chochirikiza pansi pa vavu, zimachotsa mlandu wonsewu pa mtengo wochepa.

Nkhaniyi yakula chifukwa cha nsomba. Alimi a m'boma la Chipata anali m'gulu la oyamba kuyesedwa nawo ulimi wa nsomba wa m'midzi pamene bungwe la FAO linayambitsa ntchito yotchedwa ALCOM kuno ku Chigawo cha Kum'mawa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ndipo maiwe a m'madimba, okumbidwa ndi khasu, akhala nafe kuyambira pamenepo. Padziwe lanthaka paipi imapyola mu mlambala, ndipo mankhwala a kudontha ndi dongo losinjidwa bwino mozungulira paipiyo. Kumeneko nzeru ya kumata ikadali mfumu. Koma chiyambire boma la Zambia linalimbikitsa malonda a nsomba ndi ngongole ya African Development Bank cha m'ma 2017, achinyamata ambiri amene alibe dambo ayamba kuweta milamba ndi tilapia m'mathanki, m'migolo yodula pakati, ndi m'zikwama zazikulu zapulasitiki kuseri kwa nyumba; oswetsa mbewu ya nsomba nawonso amagwira ntchito yawo m'mabeseni ndi m'mathanki. Chotengera chilichonse chotere chimafuna bowo la pansi lotulutsira ndowe ndi zakudya zotsala. Ndipo apa dontho lili ndi mtengo wina, pakuti thanki ya madzi akumwa ikatha usiku banja limadzuka ndi ludzu, koma thanki ya nsomba ikatha usiku mwini amadzuka ndi maliro. Mlamba, pokhala ndi chiwalo chopumira mpweya wa kunja, umapirira maola angapo m'matope. Tilapia alibe mwayi wotere. Oweta ochenjera amaimika kapaipi mkati pa konekita, kuti ngakhale vavu ya kunja itaiwalika yotsegula, madzi atsike kulekeza pa mlomo wa kapaipiko.

Kulinso mtundu wina wa oweta nsomba, ochepa kuno koma ochuluka kunja, amene amaweta osati kuti adye koma kuti aone. Munthu akawoloka pa Mwami, napyola Mchinji ndi Lilongwe, natsikira ku Salima, wafika pa nyanja imene ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka koposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere pa dziko lapansi. Mbuna za m'miyala yake, zabuluu ndi zachikasu, ndizo zina mwa zifukwa zimene Lake Malawi National Park inakhazikitsidwira mu 1980 ndi kulembedwa ndi UNESCO mu 1984. Ndipo kuchokera pa Kambiri Point, malemu Stuart Grant anatumiza nsomba zimenezi zamoyo ku Ulaya ndi ku America kwa zaka zambiri. Lero zidzukulu za mbuna zimenezo zimasambira m'mathanki agalasi ku Berlin, ku London ndi ku Johannesburg, ndipo eni ake amalimbana ndi kachipangizo komweka, washa yomweyi ndi nati yomweyi, zimene mlimi wa ku Tamanda amalimbana nazo pansi pa nsanja yake.

Galasi lokha ndilo losakhululuka. Siliboledwa ndi msumeno wa mano koma ndi wa mchenga wa dayamondi, umene suduladula koma umapera. Ndipo popera pamafunika madzi oziziritsa, amene mmisili amawasunga poumba kamlambala ka dongo kuzungulira malo oboolawo. Makina ayende pang'onopang'ono, dzanja lisakankhe, kulemera kwa makinawo kukwanire. Ndipo potsiriza penipeni, pamene mtima ufuna kufulumira, ndi pamene munthu ayenera kudekha koposa, kuti mlomo wa bowo usabenthuke kuseri. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Bowo litalikire m'mphepete mwa galasi, mosachepera kukula kwa bowo lomwelo. Ndipo pali galasi lina lokhwimitsidwa ndi moto, la mtundu wa mawindo a m'mbali mwa galimoto, limene silibooleka konse: msumeno ukangolilowa limaphulika lonse kukhala timiyala. Mathanki ena ogula opangapanga pansi pake ndi pa galasi lotere, ndipo amene afuna kuboola afunse kaye wogulitsa. Chodabwitsa n'chakuti silikoni, amene tamukana pa washa, ndiye amagwirizitsa makoma a thanki yagalasi, pakuti pa galasi amagwira zolimba. Koma akhale wopanda mankhwala opha nkhungu amene amaikidwa mu silikoni wa m'bafa, chifukwa mankhwalawo amapweteka nsomba.

Chimene amaboolera galasi n'chakuti madzi asefukire m'thanki yachiwiri yobisika pansi, imene eni ntchito amaitcha sampu, mmene muli zosefera ndi pampu yobwezera madzi pamwamba. Makonzedwe amenewa, amene oswetsa nsomba amawagwiritsanso ntchito, ali ndi msampha umene ife a m'Zambia tiyenera kuudziwa koposa anzathu a ku Ulaya. Pamene chilala chinachititsa Pulezidenti Hakainde Hichilema kulengeza tsoka la dziko lonse pa 29 February 2024, madzi a ku Kariba anatsika ndipo magetsi ankazima koposa theka la tsiku. Magetsi akazima pampu imaima, koma madzi a pamwamba saima. Amatsikabe kufikira atalingana ndi mlomo wa bowo lotulukira, ndipo paipi yobwezera, ngati mlomo wake wamira, imatembenuka n'kuyamba kuyamwa madzi kubwerera pansi. Sampu yodzazidwa mpaka pakamwa imasefukira m'nyumba. Choncho sampu isiyiridwe malo opanda madzi okwanira kulandira onse otsikawo, ndipo pa paipi yobwezera pabooledwe kabowo kakang'ono pansi pang'ono pa msinkhu wa madzi, kuti mpweya ukalowa kuyamwako kuleke. Njira yodziwira ngati zakhala bwino ndi kuzimitsa pampu dala, mwini ali chiimire pomwepo ndi ndowa.

Kuyesa konekita yatsopano sikufuna chida. Thirani madzi kungopitirira bowo, pukutani kunja kuume, yalani pepala la nyuzi pansi pake, nimudikire. Pakapanda banga dzazani thanki, musiye usiku wonse, pakuti dontho lina limaoneka pokhapokha madzi atafika pamwamba. Likaoneka, onjezani kupotoza nati pang'ono chabe, kamodzi. Likakanika, sipanala yaikulu sidzathandiza: tsitsani madzi, masulani, muyang'ane ngati pali mchenga, ngati mphira wapindika kapena wauma ndi kung'aluka, ngati washa inaikidwa kunati. Washa yakale isabwezeredwe. Ena amadula ina pa chubu cha galimoto, ndipo pa thanki ya kudimba imapirira nyengo ndithu ikadulidwa mosamala, koma pa madzi akumwa ndi pa nsomba ndi bwino kugula yopangidwira ntchitoyo.

Ndili ndi mawu amodzi kwa mabungwe ndi makomiti a madzi. Pa tsiku lopereka thanki pamakhala nyimbo, zolankhula ndi zithunzi, ndipo komiti imalandira makiyi ndi buku lolembamo zopereka. Koma sindinaonepo ikulandira konekita yapadera ndi mawasha awiri, kapena munthu mmodzi wa m'mudzimo akuonetsedwa mbali imene washa imakhala. Kuchoka ku Tamanda kukagula kamphira ku Chipata, ulendo wake umadya ndalama zoposa mtengo wa kamphirako, ndipo n'chifukwa chake malegeni amapambana. Msungichuma agule zimenezi pamodzi ndi thanki, azisunge m'kabokosi kosafika dzuwa, popeza dzuwa limaumitsa mphira. Ndipo thanki imene ikudontha kale ikonzedwe mu Januwale kapena Febuluwale, pamene zitsime zadzala ndipo mudzi ungathe kukhala masiku awiri thanki ili yopanda madzi.